Galu Anabwera pa Chinkhoswe Changa

1.

Ngati munali ndi foni chaka cha Kolona chija, mwina vidiyo imeneyi munaionera. Ija ya akazi awiri ofundidwa zitenje pa chinkhoswe, kenako galu wowonda ngati nsungwi n'kudzaima pakati pawo, mkulu wina n'kumafunsa kuti wachitatuyo ndi wa kwa yani. Munaseka eti? Musachite manyazi, anaseka ndi abusa omwe. Wa chitenje chobiriwira uja ndi ineyo, Tiwale, mwana wa ku Balaka, wantchito ya m'nyumba kuno ku Dubai. Vidiyo imeneyo inachotsetsa ntchito bwenzi langa, inabwezetsa nkhuku ya chinkhoswe, n'kutsala pang'ono kundiphera ukwati. Koma muli kanthu kamodzi m'vidiyomo komwe nonsenu simunakamve chifukwa cha chikhakhali.

Bwenzi langalo ndi Dunstan. Ndinakumana naye ku Al Rigga, pa lesitilanti ina pomwe Amalawi timakonda kudyera Lachisanu tikaweruka ku tchalitchi. Mnyamata wa ku Thyolo, wamtali, wofatsa ngati wabwera kudzapempha mchere. Nditamufunsa za ntchito anangoti, "Ndili ku zamasewero."

Ine m'mutu mwanga ndinaona bwalo la mpira ndi suti. Panatha miyezi itatu asanandiululire kuti osewera akewo ndi a miyendo inayi. Bwana wake, munthu wachuma, anali ndi famu kuchipululu komwe ankaweta agalu a mpikisano, aja ataliatali opanda mimba, oitanitsa kunja. Nyengo yozizira ikafika, iye ndi anzake ankawathamangitsa pamchenga, agaluwo akulondola chidole chomangirira kumbuyo kwa galimoto. Dunstan ndiye ankawadyetsa, kuwasambitsa ndi kuwasisita miyendo ndi mafuta.

"Kusisita galu?" ndinatero. "Ine msana ukundiwawa chiyambire mwezi uno, sunandifunseko n'komwe."

"Iwe ukadzayamba kuthamanga ngati iwowo ndidzakusisita."

Kwawo sanauzeko munthu. Mayi ake, malume ake a Brown, ndi mpingo wonse wa ku Thyolo ankadziwa kuti mwana wawo ndi bwana wa zamasewero ku Dubai.

2.

Kenako kunagwa Kolona. Madamu anga Eva, mzungu wa ku Ireland yemwe amaphunzitsa kuno, anali atapita kwawo kukazonda mayi awo, ndege n'kuima. Ndinatsala ndekha m'fulati yawo ku Silicon Oasis, n'kumapukuta fumbi lomwe kunalibe.

Masana ena mwezi wa Meyi, dzuwa likuswa mtengo, belu linalira. Nditasuzumira ndinaona Dunstan, masiki kumaso, atanyamula chinthu chokulunga mu shiti, miyendo itatulukira kunja.

"Tsegula msanga."

"N'chiyani chimenecho? Mbuzi?"

Anachiika pa kapeti n'kuvundukula. Galu wamkazi wakuda, nthiti zowerengeka, mlomo wautali ngati botolo, mwendo umodzi wakumbuyo ukulendewera. Anandiyang'ana ndi maso a munthu amene walakwira aphunzitsi.

"Uyu ndi Namondwe," anatero Dunstan. "Wathyoka dzulo pophunzira."

Ndi tsiku limenelo pomwe ndinadziwa mbali ina ya ntchito yake. Pafamu paja galu akathyoka, kapena akayamba kutsalira anzake, bwana sankataya nthawi. Ankangoti, "Khalas," kutanthauza kuti zatha. Dunstan ankanyamula galuyo kupita naye kwa munthu wina wa jakisoni kuseri kwa magalaja, n'kubwerako ndi lamba wa m'khosi yekha. Bwana akaona lamba ankadziwa kuti ntchito yatheka.

"Uyu ndamulera ndekha chitsikire ndege," anatero. "Ndafika naye pakhomo pa munthu uja, iye n'kundinyambita dzanja. Ndalephera, Tiwale."

"Ndiye waona kuti wolephera mnzako ndi ineyo? Kwathu galu amagona pa phulusa, osati pa kapeti ya mzungu!"

Anatulutsa lamba wofiira m'thumba. "Bwana amafuna ichi basi, mtembo safunsa. Koma akadzangodziwa, ntchito yatha, viza yatha, ndikwera ndege."

"Ndi ukwati womwe," ndinamumalizira.

Tinamanga mwendowo ndi bandeji ndi mithiko iwiri ya madamu. Ndinanena momveka bwino kuti galuyo akhala sabata imodzi yokha.

3.

Sabata imodzi ija inasanduka miyezi inayi. Abale inu, anthu amanama. Ati galu wa liwiro! Sindinaonepo cholengedwa chaulesi ngati Namondwe. Tsiku lonse chagada pa sofa, miyendo m'mwamba, eyakoni ikumuuzira, ine wobadwa ndi munthu ndikukolopa mozungulira iye. Kuuwa sankauwa. Wakuba akanalowa, iye akanangomusunthira malo.

Vuto linali limodzi: sankandimvera. Ndikati "bwera," ankangophethira. Ndinayesa Chingerezi, ndinayesa "yalla" ya anthu a kuno, ndinayesa ndi Chiyao chomwe, koma ayi ndithu.

"Agalu anga ndinawaphunzitsa," anatero Dunstan akuseka. "Ndikamuuza kuti akhale, akhala pomwepo mpaka Yesu adzabwere. Sadzuka popanda likhweru langa. Kawiri mwachidule, kamodzi motalika. Tayesa."

"Ine? Mkazi saimba likhweru. Amayi atandimva angandikane."

"Amayi ali ku Balaka."

Ndinaphunzira sabata yathunthu, malovu okhaokha. Tsiku lomwe linatuluka bwino, Namondwe anadzuka, kutsimphina mpaka kukhitchini, n'kuika mutu wake pa bondo panga. Ndinene zoona, mtima wanga unapita tsiku limenelo. Ine amene ndinkagenda agalu ku Balaka ndinayamba kuphikira galu mpunga wa nkhuku, n'kumaupepesa kuti uzizire.

Madamu ankaimba pa vidiyo Lachiwiri lililonse, ndipo nkhani yawo inali imodzimodzi. Kwawoko kunali mkangano waukulu. Ena ankafuna boma lichepetse mipikisano ya agalu, mwinanso kuiletseratu, chifukwa agalu ambiri ankavulala n'kumangosowa. Ena ankati amenewo ndi masewero a makolo awo, ndipo anthu amadyerapo. Madamu anali mbali ya oletsa, ankasainitsa anthu zikalata mpaka kuiwala kudya.

"Galu aliyense ali ndi nambala m'khutu, Tiwale," ankatero, "koma akasowa palibe amene amafunsa. Ngakhale ku Dubai komweko ndili ndi anzanga opulumutsa agalu, amandiuza zinthu zoliritsa."

Ine ndinkangoti, "Pepani madamu, dziko laipa," uku phazi langa likukankha mchira wa Namondwe kuti usaoneke pa kamera. Foni itadulidwa ndinamupinda khutu. Zoonadi, munali zilembo ndi manambala obiriwira.

Munthu wina yekhayo amene ankadziwa za galuyu anali Dorica, mnzanga wa pamtima kuchokera ku pulaimale, yemwe amasoka zovala pa shopu ina ku Satwa. Atamuona koyamba anaseka mpaka kukhala pansi. "Tiwale, anzako akulera ana a mabwana, iwe ukulera njinga?"

4.

M'bindikiro utafewerako, makolo anagwirizana kuti chinkhoswe chisadikirenso ndege. Achibale akumana ku Balaka, ife tionekera pa Zoom. Tinasankha Lachisanu lina mu Seputembala. Dorica anasoka malaya anga ndi shati ya Dunstan kuchokera pa nsalu imodzi.

Lachitatu la sabata imeneyo Dunstan anabwera kudzayesa shatiyo, ndipo inamukulira. Munthu anali atatha ngati agalu akewo. Ndinamuikira chakudya, anangochiyang'ana.

"Chavuta n'chiyani?"

"Bwana akuti chaka chino mipikisano kulibe, sangamadyetse agalu ongokhala. Lolemba akufuna malamba asanu ndi awiri."

"Asanu ndi awiri? Onse othyoka?"

"Palibe wothyoka. Angokula basi."

Ndinakhala pansi. Namondwe anali pa sofa, akutiyang'ana ndi diso limodzi.

"Tiye tiwauze madamu," ndinatero. "Ali ndi anzawo kuno."

"Ayi!" Sindinamumvepo akukuwa chotero. "Anthu amenewo akafika pafamu, woyamba kufunsidwa ndine. Ukufuna ndipite ku Thyolo ndi chikwama cha pulasitiki? Malume avomera ukwati wa lova? Ndipirire kaye, tikwatirane, kenako ndisake ntchito ina."

"Nanga asanu ndi awiriwo adikira ukwati wathu?"

Anangondigwira manja onse awiri n'kunena kuti, "Lumbira kuti suuza munthu."

Ndinalumbira. Baibulo linali kuchipinda, ndiye dzanja ndinaliika pa furiji.

5.

Lachisanu linafika. Foni ya Dorica tinaiimika pa thebulo lositira, titaitchinjiriza ndi mabuku a madamu. Pa sikirini panadzaza anthu pansi pa mtengo wa mango kwathu, mamasiki ali pachibwano, wina aliyense akukankha mnzake kuti aoneke ku Dubai. Kutsogolo kunakhala ankhoswe: a Brown, mkulu wa mpingo wosaseka wamba, atanyamula tambala, ndi malume anga a Wilson atanyamula msoti.

Namondwe tinamuika kuchipinda cha madamu. Dunstan anamuuza kuti akhale, Dorica n'kukhoma chitseko ndi kiyi.

Mwambo mukuudziwa. Mkwatibwi satulukira poyera, amabwera atafundidwa pamodzi ndi ena, ankhoswe a mwamuna n'kuloza wawo. A Brown anakana kuti Kolona asinthe zimenezo. Poti tinalipo akazi awiri okha, tinafunda ine ndi Dorica, n'kutuluka tikuvina pang'onopang'ono, nyimbo ikulira pa sipika, ku Balaka nthungululu zili pakamwa.

A Brown anayandikitsa nkhope pa foni mpaka tinkangoona mphuno. "Aime bwinobwino. Wakumanjayo atembenuke."

Ndiye kunamveka tikhadabo pa matailosi. Tswa, tswa, tswa. Namondwe anatulukira akutsimphina, n'kulowetsa mutu pansi pa chitenje changa. Pofuna kumukankha, chitenje chinatsetsereka n'kumufunda iyeyo, kungotsala mlomo wautali uja ndi mchira. Anaima pakati pathu mwaulemu ngati waitanidwa.

Ku Balaka nthungululu zinaima. Kenako a Brown anafunsa ndi mawu a pa guwa, "Nanga wachitatuyo ndi wa kwa yani?"

Eee, anthu anagwa m'mipando! Azakhali anga ena anakuwa, "Mayo, galu wanjala! Ku Dubai kulibe chakudya?" Tambala anapulumuka m'manja mwa a Brown, ana n'kuyamba kumuthamangitsa. Dunstan anaiwala kuti ali pa kamera, anagwada ndi shati yake yatsopano n'kumukumbatira galuyo. "Namondwe, mwendo! Samala mwendo!"

"Dunstan," anatero a Brown, phokoso litachepa. "Galuyo ndi wa ndani?"

Bwenzi langali bodza limalitha pa foni yokha, pamaso pa malume ake ayi. "Ndi wa kuntchito, malume."

"Ntchito yake iti? Si paja uli ku zamasewero?"

Mwambo unatha mothamanga. Nkhuku anasinthana, koma a Brown analandira msoti uja ngati alandira samani.

6.

Pofika Loweruka, vidiyo inali paliponse. Asuweni anali atajambula, wina n'kuikamo ndi nyimbo. Amalawi a ku Joni, a ku Ulaya, ndi anzathu a ku Chipata omwe, onse ankangoti, "Wachitatuyo ndi wa kwa yani?"

Lamulungu m'mawa, lomwe nthawi imeneyo linali tsiku loyamba la ntchito kuno, pafamu paja panafika galimoto ziwiri: akuluakulu oona za ziweto, ndi azimayi atatu a gulu lopulumutsa agalu. Anamuonetsa bwana vidiyo ya galu wake wakufa ali pa chinkhoswe, wantchito wake atamukumbatira. Anamuonetsanso chithunzi cha khutu, nambala ikuoneka bwinobwino. Anafunsa za agalu ena onse amene anasowa. Pofika masana, asanu ndi awiri aja anali atakwera galimoto ya azimayiwo, malamba awo ali m'khosi.

Bwana anamuyang'ana Dunstan n'kunena liwu lomwe lija ankanenera agalu. "Khalas."

Dunstan anasamukira ku Satwa, m'chipinda cha anthu asanu ndi atatu, bedi lapamwamba, n'kuyamba kuyenda ndi mapepala ofunsira ntchito viza isanathe. Lachiwiri msoti uja unafika ku Balaka pa minibasi, uli m'katoni, ndi uthenga wa a Brown: mwana wawo wawanamiza zaka zitatu, ntchito alibe, ndipo iwo sanachititsidwepo manyazi ndi galu chibadwire. Za ukwati ziyambe zaima. A Wilson anati iwo tambala sabweza, nkhuku sinalakwe. Choncho nkhuku zonse ziwiri zinakhala kwathu.

Madamu anaimba akulira, osati chifukwa cha sofa yawo, koma kuti galuyo asapite kulikonse, ndi wawo tsopano.

Tsono anthu anayamba kufunsa: anatsegula chitseko ndani? Nanga chithunzi cha khutu anajambula ndani? Asuweni a ku Balaka sakanatha kupinda khutu la galu pa Zoom. M'fulati muja munali anthu atatu. Mkwati sangadziotche yekha, mkwatibwi sangaononge chinkhoswe chake. Anatsala ndani?

Pa gulu la WhatsApp la amayi a ku tchalitchi, nkhani inapsa tsiku limodzi. Ati Dorica ndi wansanje, zaka zapita alibe mwamuna. Ati ankamufuna Dunstan kuyambira kale. Amene anasiya nsalu kwa iye anakazitenga zosasoka. Pa kwaya anamuchotsa mwakachetechete. Anandiimbira akulira.

"Tiwale, ndinakhoma chitseko chija. Mulungu akuona, ndinakhoma!"

"Usadandaule," ndinatero. "Anthu amalankhula, adzatopa."

Ndi zokhazo zomwe ndinanena. Pagulu paja sindinalembepo kanthu.

7.

Mulungu si Dunstan, sagona pa bedi lapamwamba. Azimayi opulumutsa agalu aja anaona kuti asanu ndi awiri aja sakudya, sakudzuka, sakumvera aliyense. Anamusaka munthu wa likhweru, ndipo pofika Novembala anali atamulemba ntchito pamalo awo osungira agalu, viza yatsopano m'manja. Anayamba kunenepa. Anayambanso kuseka.

Koma za ukwati, zii. Novembala anatha, Disembala anatha. Ku Balaka msoti uja unaikira, kufungatira, n'kuswa anapiye asanu ndi anayi. Ukwati wa nkhuku unkayenda bwino kuposa wathu.

Masana ena mu Januwale, madamu atabwerera ndipo ali kusukulu, Dunstan anabwera kudzaona mwendo wa Namondwe. Ndinalephera kupirira.

"Kodi malume uwaimbira liti? Ntchito uli nayo. Kapena wapeza wina?"

Anatenga galu kupita naye kuchipinda, kumuuza kuti akhale, n'kubwerako atasiya chitseko chili pululu. Anakhala pampando.

"Muitaneni," anatero.

Mawu akuti "muitaneni" anandidzidzimutsa. Dunstan sananditchulepo "inu" chiyambire.

"Namondwe, bwera!" ndinaitana. Palibe. Anaika sipika nyimbo ija ya pa chinkhoswe, mokweza. Palibe. Anatsegula furiji, kutulutsa nkhuku, kuigwedeza m'mwamba. Galu ali phee, chitseko chili chotsegula.

"Mwaona?" anatero. "Dorica akanasiya chitseko chotsegula tsiku lonse, galu uyu sakanadzuka."

Anatulutsa foni, kuika vidiyo ija, n'kundipatsa zomvera m'makutu. "Ku Satwa ndinali ndi nthawi yambiri. Ndaionera mwina kakhumi kakhumi. Mverani pamene malume akuti wakumanjayo atembenuke."

Pansi pa nyimbo, pansi pa nthungululu, kanamveka kakang'ono kwambiri. Kawiri mwachidule, kamodzi motalika.

"Likhweru limeneli ndinaphunzitsa munthu mmodzi yekha pa dziko lapansi," anatero Dunstan.

8.

Inde, owerenga anga. Ndinali ine.

Lachitatu lija, Dunstan atapita, ndinapinda khutu la Namondwe n'kulijambula. Ndinafuna kutumiza kwa madamu nthawi yomweyo, koma ndinadziwa kuti Dunstan adziwa kuti ndine, ndipo ndinali nditalumbira, ngakhale pa furiji. Ndiye ndinaganiza mochenjera, nzeru za nkhuku. Ndinati galuyu akaonekera pamaso pa anthu makumi asanu, nkhani ikhala ya aliyense, ndipo mlandu wa chigulu ulibe mwini.

Dorica atakhoma chitseko anaika kiyi pa furiji. Ine ndinati ndikukadzola milomo, n'kukatsegula, kusiya kampata. Pansi pa chitenje, mkazi wosaimba likhweru ndinaimba likhweru pa chinkhoswe changa chomwe. Madzulo ake ndinatumiza vidiyo ndi chithunzi kwa madamu, n'kuwauza za Lolemba, n'kuwapempha kuti dzina langa lisatuluke. Chomwe sindinaganize n'chakuti chithunzi cha khutu chiloza m'nyumba momwemo, ndipo m'nyumbamo munali Dorica.

Zonsezi ndinamuuza Dunstan nditakhala pa kapeti, mamina ndi misozi zili mbwee.

"Ndinaona mmene unkathera," ndinatero. "Ndinaopa kukwatiwa ndi munthu amene Lolemba wanyamula malamba asanu ndi awiri. Ukanabwerako wina, Dunstan."

Atalankhula, "inu" uja anali atachoka.

"Ntchito ija ndinkadana nayo kuposa iwe. Ndikamawaona asanu ndi awiri aja m'mawa uliwonse, ndimathokoza amene anachita zomwe ine ndinalephera. Za lumbiro ndinakukhululukira ndili pa bedi lapamwamba. Koma ndakhala miyezi itatu ndikudikira kuti upite wekha kwa Dorica. Ine ndinanamiza malume zaka zitatu, ndikudziwa mmene bodza limakomera ukalizolowera. Anthu awiri otere sangamange nyumba. Malume ndiwaimbira tsiku lomwe iwe uyeretse dzina la mnzako."

9.

Ndinayamba ndi gulu la amayi. Ndinajambula mawu mphindi zisanu ndi imodzi, kunena zonse, n'kutumiza ndisanasinthe maganizo. Amayi omwe aja anamudya Dorica wamoyo anayamba kulemba, "Ife tinkadziwa kuti Dorica sangatero." Anthu!

Kenako a Brown, pa vidiyo, ine ndi Dunstan titagwada pa kapeti. Dunstan anapepesa za zamasewero, ine ndinafotokoza za malamba, za chitseko, za likhweru. Mkuluyo anamvetsera nkhope ili gwa.

"Ndamva," anatero. "Kupha cholengedwa chifukwa chakalamba ndi tchimo, ngakhale chikhale galu. Inenso ndakalamba. Koma mayi, mwati munaimba likhweru? Inuyo? Pa chinkhoswe?"

"Eya, malume."

Anapukusa mutu. "Dunstan, mkazi uyu uzimuopa. Auzeni a Wilson atumize nkhuku yanga, ndi anapiye omwe."

Kunatsala Satwa. Ndinapita Loweruka masana, n'kumupeza Dorica ali pa makina kuseri kwa shopu, mapini ali pakamwa. Anali atamva kale mawu anga aja, koma ndinanenanso zonse pamaso pake, nditaimirira, poti sanandipatse mpando. Ndinkayembekezera kuti anditukwana. Ndinkafuna atanditukwana.

Anachotsa mapini pakamwa imodziimodzi, n'kuwabaya pa kansalu.

"Tiwale, tinayamba limodzi Sitandade wani. Galu uja ndinkamubweretsera mafupa ndine. Ukanandiuza, chitseko chija ndikanatsegula ndekha. Ndikanaimirira pagulu paja n'kunena kuti ndine, ndipo sizikanandiwawa. Chandiwawa n'chakuti ndinakuimbira ndikulira, iwe n'kundiuza kuti anthu adzatopa."

Anatenga tepi, n'kunena kuti, "Kweza manja. Diresi la ukwati ndinalonjeza kalekale, ine sindibweza mawu."

10.

Ukwati unachitika mu Epulo, anthu ochepa, mamasiki oyera. Namondwe sanaitanidwe, a Brown ananenetsa. Amakhalabe pa sofa ya madamu, wanenepa pang'ono moti azakhali anga akhoza kugona tulo. Asanu ndi awiri aja onse anapeza makomo, wina mpaka anakwera ndege kupita kozizira. Dunstan amauza aliyense ntchito yake tsopano, ndi amene sanafunse omwe.

Ndiye mundifunsa kuti ndikudandaula chiyani. Za agalu sindidandaula, ndipo zitabwereranso ndikhoza kuimba likhweru lomwelo, mokweza. Madamu amati kwawo mkangano uja ukadalipo, ndipo ine wa ku Balaka sindingaweruze masewero a eni ake. Ndimangodziwa kuti cholengedwa chomwe chakuthamangira mpaka kuthyoka sichiyenera kubwera kunyumba ngati lamba.

Koma inu amene mukuwerenga, makamaka asisi anzanga muli kunja kuno, kumene mnzako mmodzi ndiye mayi ako, ndiye mchemwali wako, ndiye chipatala chako, ndimvereni. Chinthu chabwino ndinachichita mwakuba, ndipo amene analipira si ine. Ndinakhulupirira galu kuti amva likhweru langa, koma mnzanga wa zaka makumi awiri ndi zisanu sindinamukhulupirire kuti amva mawu anga.

Dorica pa ukwati anabwera, anakhala kumbuyo, anachoka keke isanadulidwe. Timapatsana moni, amandiyankha bwinobwino, koma sanandisekenso kuti ndikulera njinga. Diresi lija analisoka lokongola kuposa onse amene ndawaonapo ku Satwa. M'nthiti mokha linkandithina, moti tsiku lonse ndinkapuma mwatheka. Dorica salakwitsa muyeso. Sindinapemphe kuti alimasule.